A Waya ndi Mbale Imene Ndinatsuka

Sabata ino chakwana chaka chimwalirireni apongozi anga aamuna, amene Kambombo yense ankawadziwa kuti a Waya. Dzina lawo lenileni sindilemba. Sindinalitchulepo iwo ali moyo, ndipo ngakhale manje dzanja likukana. Koma la a Waya linali la aliyense. Ana a sukulu ankaliitana pamsewu, abusa ankalitchula akamadandaula za phokoso, ndipo chaka chino lalembedwa pachikuto cha chimbale cha nyimbo chimene aphunzitsi ndi manesi a ku boma ali nacho m'mafoni mwawo. Dzina la Natasha lili pomwepo, pamwamba pa lawo. Langa palibe. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu munthu amene akulemba: ndine wansanje, ndipo amene ndimamuchitira nsanjeyo sanandilakwire kanthu.

Dzina la Waya analitengera kudambo. Kuno mpunga ukayamba kucha ntchito imakhala imodzi, kuingitsa mpheta. Munthu amamanga chingwe kuchokera pa msasa mpaka kumapeto kwa munda, n'kupachikapo zitini zoikamo timiyala. Mbalame zikatera umakoka chingwe, zitini n'kulira, mbalame n'kuthawa. Anthu onse amamanga ndi luzi kapena zidutswa za neti yakutha ya udzudzu. Apongozi anga ankamanga ndi nsambo zakale za gitala, zolumikizalumikiza ndi waya wa mabuleki a njinga. Zitini nazonso sankangotola. Cha mkaka chinali ndi mawu ake, cha nsomba ake, cha penti ake. Ankatha m'mawa wonse akuchotsa kamwala kamodzi muno n'kukaponya umo, mutu atapendeketsa, mbalame zikudya mosatekeseka kumbuyo kwawo. Mlongo wawo, azakhali aNyaGoma, ankati m'chigwa chonse cha Luangwa mpheta zonenepa ndi za kwa a Waya, chifukwa zimadya kwinaku zikuimbiridwa.

Ali mnyamata anapita Kumigodi, ndipo m'malo molowa pansi ngati anzawo, analowa m'bandi. Zinali zaka zija za tsitsi lalikulu ndi mathalauza otambalala kumapazi, pamene gitala ankamuliza mokalipa ngati wayambana ndi munthu. Bandi yawo inatulutsa chimbale chimodzi. Chachiwiri sichinatuluke. Woimba wawo anadzuka tsiku lina n'kupita ku bandi ina, nyimbo zonse zatsopano atazisenza m'mutu. Apongozi anabwerera kuno ndi gitala wofiira, sipika yong'ambika pakona, ndi njiru imene sinawathere mpaka kumanda. Wailesi ikangoliza gitala ankaitseka. Aliyense wotchuka anali wakuba, kapena anali ndi zala za mtondo. Ankakonda kunena kuti chimbale choyamba angapange aliyense, chifukwa munthu amakhala atasunga phokoso kuyambira ali mwana, koma chachiwiri ndicho chimaulula ngati munthuyo ali ndi makutu. Iwo chachiwiricho analibe.

Gitalayo sankakhudzidwa ndi munthu. Amuna anga amati ali ndi zaka khumi anangokhudza nsambo imodzi ndi chala, ndipo khofi limene analandira amalimvabe kukazizira. Gitala ankagona pabedi, mbali imene ankagona malemu apongozi aakazi, atafunditsidwa chitenje. Batire yake ankaitchaja pa sola anthu a pakhomo asanatchaje mafoni. Ngakhale tsiku limene Taonga, mwana wanga, anatentha thupi ine ndikufuna kuimbira anesi, ndinadikira kuti batire ya gitala idzaze. Sananene kuti ndidikire. Ine ndine ndinalibe njira yowauzira.

Apa ndifotokoze, chifukwa anzanga amene ndinaphunzira nawo ku koleji ku Chipata amaseka ndikawauza. Ine pakhomo pano ndine mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo. Kuno mkamwana sayang'anana maso ndi apongozi aamuna, sakhala nawo pamphasa, sadya iwo akuona, salankhula nawo mwachindunji. Mukakumana panjira umapatuka n'kugwada kumbali. Zimatha pokhapokha iwo akakumasula. Mwana woyamba akabadwa, apongozi amatuma mayi wachikulire wa pabanja ndi mphatso, kawirikawiri nkhuku, pamodzi ndi mbale yatsopano. Iwe umaphika, umaika chakudya m'mbale yomweyo, umapita nayo wekha, umagwada, umaomba m'manja, n'kuthokoza ndi pakamwa pako. Kuyambira tsikulo ndiwe mwana wa pakhomo. Ukhoza kukhala pakhonde, ukhoza kuseka nawo, ukhoza kuwatsutsa.

Amuna anga amalondera nyama ku Chifunda ndipo amabwera kamodzi pamwezi. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanabwere. Choncho kwa zaka zitatu ndinaphikira munthu amene nkhope yake ndinkaiona cham'mbali chabe. Ndinkaika chakudya pa kampando ka pakhonde n'kubwerera kuseri kwa mpanda wabango umene umalekanitsa nyumba yawo ndi khitchini yanga. Poyamba akafuna kanthu ankalankhula ndi nkhuku. Taonga atabadwa anapeza womutuma. Mwana wa miyezi inayi, mutu sunalimbe, iwo ali:

"Taonga, uza amako kuti tiyi wa lero waona shuga patali."

Ine kuseri kwa mpanda, mwana ali kumsana: "Taonga, uwauze agogo ako kuti anesi analetsa."

"Taonga, funsa amako ngati anesiwo ndiwo akumwa."

Ndimo mmene tinkachezera. Ndikakumbukira ndimaseka, koma nthawi imeneyo zinkandidya. Ndine munthu wodera nkhawa chilichonse. Mwana akatsokomola kamodzi ndimawerenga mpweya wake. Ndiye taganizani: Taonga anabadwa, anamera mano, anayamba kuyenda, nkhuku osabwera. Ndinkadzifunsa tsiku ndi tsiku kuti ndalakwa chiyani. Kodi ndi satifiketi yangayi, akuona ngati ndimadzimva? Kodi ndi mchere? Anzanga okwatiwa pambuyo panga anali atamasulidwa kalekale, akudya mango ndi apongozi awo pamthunzi umodzi.

Chifukwa chenicheni chinali mkangano umene unayamba ine ndisanabwere. Woyenera kunyamula mbale ija anali azakhali aNyaGoma, ndipo awiriwa sankapemphana kanthu. Pa maliro a akazi awo, apongozi anabwera kumanda ndi gitala ndi batire pa wilibala. Kwaya ili pakati pa nyimbo, iwo analumikiza mawaya n'kuyamba kuliza. Amene analipo amati sikunali kuimba, kunali kukuwa, ndipo amayi ena anathawira m'tchire. Azakhali anapita n'kuzula waya pa batire anthu onse akuona. Kuyambira pamenepo ankalankhulana motukwanana chabe. Azakhali ankawatchula kuti mlonda wa mpheta. Iwo ankati mlongo wawo ali ndi makutu ongokolekapo ndolo. Tsiku lililonse azakhali ankadutsa pakhomo kukawaona ngati adzuka, tsiku lililonse ankachoka atakwiya. Kuti a Waya atsegule pakamwa n'kunena kuti mlongo wanga, ndinyamulire mbale iyi, kunali bwino kumeza khasu.

Pali chinthu chimodzi chokhudza ine chimene sindingachilumphe. Ndimaimba. Ku koleji ndinkatsogolera kwaya. Kuno ndinkaimba kuseri kwa mpanda chabe, posinja mpunga kapena potonthoza mwana. Taonga ali ndi chifuwa chimene chinatenga mwezi wathunthu, ndinapeka kanyimbo kopanda mawu, kongong'ung'udza, kokwera katatu n'kutsika kamodzi ngati munthu akupuma movutika kenako n'kupeza mpweya. Ndinaona kuti ndikangokayamba, gitala wa pakhonde ankasiya kulira. Ndinkaganiza kuti ndawasokoneza, ndiye nanenso ndinkasiya. Tinkakhala chete tonse awiri, mpanda uli pakati, mpaka nkhuku ina italira.

Kenako kunabwera a Malata Otentha. Ndi bandi ya achinyamata a ku Lusaka, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi woimba, Natasha uja. Amaimba roko, koma osati yovinira m'mabala. Ndi ija yamagitala olira mokanda, yoti pena inong'one pena iphulike. Anali atapeza chimbale chakale cha apongozi pa msika wa zinthu zakale, n'kufunsafunsa mpaka kufika kuno pa galimoto yodzaza fumbi, mpunga utangoyamba kuwerama. Anati akupanga chimbale chawo chachiwiri ndipo asowa chonena.

Achinyamatawo analizira apongozi chimbale chawo choyamba pa foni. Ine ndinali kuseri ndi lichero, ndikumva zonse. Nyimbo zake zinali za m'tauni, za chibwenzi chothawa, za kusowa tulo, zambiri m'Chingerezi. Apongozi anamvetsera ziwiri ndi theka, kenako anati zikumveka ngati anthu anayi akugogoda pa sitolo yotseka. Ndinasangalala. Ndinati basi, awa abwerera lero lomwe. Koma mtsikanayo anaseka mpaka kugwa chagada pamphasa yawo. Pamphasa yawo! Atavala thalauza, kandolo pamphuno, miyendo atatambasula.

"Ba mudala, mwatipaya! Manje tiphunzitseni kugogoda pa sitolo yotsegula."

"Iwe mwana, uli ndi ulemu ngati mbuzi."

"Mbuzi imvela nyimbo, ba mudala. Tiyeni nione gitala."

Ndinasiya kupeta. Ndinadikira khofi. Ndinalidikira ndi mtima wonse, Mulungu andikhululukire. Ndinasuzumira pa kampata ka bango, ndipo ndinaona apongozi akulowa m'nyumba, akutuluka ndi gitala wofiira, akumuvula chitenje, akumuika pamiyendo pa mlendo amene anali asanathe ola limodzi pakhomo. Anamugwira zala n'kumuikira pa nsambo. Iye anamwa tiyi wa m'kapu yawo, tiyi amene ndinaphika ine.

Anakhala masiku khumi. Ndinawaphikira onse. Natasha ankabwera kukhitchini kudzandithandiza, ankanyamula Taonga, ankanditchula kuti ba sisi, ndipo chilichonse chabwino chimene ankachita chinkandiwonjezera ukali. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino. M'mawa uliwonse ankapita onse kudambo ndi zojambulira mawu, iye atavala chipewa cha apongozi. Ine ndinkapita masana ndi chakudya, n'kuchiika patali, n'kugwada, n'kubwerera. Tsiku lina ndinapeza apongozi akuseka mpaka kutsokomola, mutu atagonekera kumbuyo. Zaka zitatu ndinali ndisanamve kuti amaseka chotero.

Chimbalecho manje ndachimva kambirimbiri, ndipo ndinene zoona ngakhale zikundiwawa: ndi chabwino. Anachitcha Zitini za ku Dambo. Chimayamba ndi chingwe cha apongozi chikukokedwa, zitini zikuyankhana kuchokera pafupi mpaka kutali, kenako magitala n'kugwera pamwamba ngati mvula ya matalala. Mawu ambiri ndi awo, ndipo anaumirira kuti aimbidwe m'chilankhulo chathu. Mulibe nyimbo ya chibwenzi ngakhale imodzi. Zonse zikuzungulira pa chinthu chimodzi, kulondera chinthu chimene ukudziwa kuti chidyedwa ndithu. Ilipo ya munthu woingitsa mbalame amene wayamba kuzidziwa imodziimodzi. Ilipo ya njovu imene yathyola nkhokwe, ndipo woimbayo sakuitukwana, akungoifunsa ngati yakhuta. Ina ndi ya msewu umene umaduka mvula ikagwa, ndi amene anawoloka usanaduke osabweranso. Ina, yaukali kuposa zonse, ndi ya mnzako amene wapita ndi nyimbo zako, ndipo pamenepo gitala amene akulira ndi wawo, wofiira uja. Chimbale chachiwiri chimene anachidikira moyo wawo wonse anachipeza, koma sanachimve chitatha.

Nyimbo yachisanu ndi chiwiri ndimaidumpha. Imatchedwa Kuseri kwa Mpanda.

Linali tsiku lachisanu ndi chiwiri chibwerereni alendowo, dzuwa litapendeka. Ndinali kutsuka miphika. Natasha anazungulira mpanda atanyamula mbale ndi dzanja limodzi, ngati mmene munthu amanyamulira chinthu chimene sakuchidziwa. Inali mbale yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu. Pakati pake panali kaphukusi ka pepala, m'kati mwake nsambo ya gitala yokulunga, yonyezimira, yosagwirapo ntchito.

"Ba sisi, ba mudala ati nikupaseni ichi."

"Anena chiyani china?"

"Ati chabe, pasa amake Taonga. Kaya, mwina ni ya ku munda. Chingwe chinaduka dzulo paja."

Ndinalandira ndi manja awiri. Nditatembenuza mbaleyo ndinaona kapepala ka kusitolo kakadali pansi pake.

Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikudziuza kuti sindinazindikire. Ndimati mwambo umafuna nkhuku, umafuna mayi wachikulire, umafuna mawu ake onenedwa bwino. Ndimati aliyense akanaganiza kuti ndi waya wa kumunda, pakuti ngakhale wonyamulayo anatero. Zonsezo ndi zoona, koma ndi bodza. Munthu satumiza waya wa kumunda pa mbale yatsopano. Ndipo a Waya sankapachika nsambo yatsopano kudambo. Kuti aipeze ankaitanitsa kutali n'kudikira miyezi. Kwa iwo nsambo imeneyo inaposa nkhuku khumi. Ndinadziwa pomwepo, mbale ili m'manja, kuti apongozi andimasula, mwa njira yawo yokhota, popewa kupempha mlongo wawo.

Koma ndinayang'ana amene anabweretsa. Chipewa chawo chili kumutu kwake. Fungo la fodya wawo lili pa malaya ake. Ndinati mumtima: zaka zitatu ndagwada pa fumbi, ndipo tsiku langa likubwera m'dzanja limodzi la mtsikana uyu, amene wapatsidwa pa ola limodzi zonse zimene ine ndazidikira, amene sakudziwa n'komwe chimene wanyamula? Iyayi. Atumizenso. Atume azakhali, ndi nkhuku, anthu aone.

Ndinati zikomo. Ndinabereka Taonga n'kupita kudambo, iwo atabwerera kale kunyumba. Ndinapeza pamene chingwe chinaduka, ndinalumikiza ndi nsambo yatsopano ija, ndinapachikapo chitini cha nsomba. Nditabwerera ndinamatula kapepala ka pa mbale, ndinaitsuka ndi sopo ngakhale inalibe litsiro, ndinaipukuta, ndipo ndinakaiika pakhonde pawo pamodzi ndi ziwiya zawo zina, yovundikira, yopanda kanthu.

Anaiona pobwera kudzamwa tiyi. Ndinali kuseri. Kenako ndinamva mawu awo, otsika, opanda nthabwala ija:

"Taonga, uza amako kuti mbale yafika."

Aka kanali koyamba kuti Taonga asabweze uthenga.

Masiku awiri otsatira sanajambule kanthu. Anyamata aja ankangoyendayenda pabwalo. Ndinamva Natasha akudandaula pakhonde.

"Ba mudala, yasala imozi chabe. Mwaniphunzitsa kale, niiziba. Tijambule."

"Nyimbo iyi ili ndi mwini wake."

"Ali kuti mwine wake? Timuitane."

"Saitanidwa. Amabwera yekha."

Ndinamva. Ndinali pamtunda wa mapazi asanu, mpunga wophika uli pamoto. Kunali kungotenga mbale ija, kuikamo, kuzungulira mpanda. Ndinaimirira kawiri. Kachiwiriko ndinafika mpaka pa ngodya ya bango, ndipo ndinaona Natasha atakhala pamalo pamene ndikanagwada. Ndinabwerera. Ndinati nthawi ilipo, alendo apite kaye, tidzakonza tokha pakhomo.

Tsiku lomaliza anamulola. Ndinali kuyanika matewera pamene ndinamva kanyimbo kanga, ka chifuwa cha Taonga, kokwera katatu n'kutsika kamodzi, kakutuluka pakamwa pa munthu wina, gitala wofiira akukaperekeza pang'onopang'ono. Sanaphonye ngakhale pamene ndimapumira. Nthawi zonse zija gitala ankasiya kulira, sikuti ndinkawasokoneza. Ankamvetsera. Taonga anasiya kusewera n'kuyang'ana ine, kenako mpanda, kenako ine. Mawu amene anaikamo sindinawamve bwino tsikulo chifukwa ndinathawira kuchitsime.

Alendo anapita. Ine ndinakhala ndikudikira nkhuku, iwo anakhala akudikira mbale. Uthenga wodzera mwa Taonga unachepa, unatsala wa madzi osamba ndi wa mankhwala. Patapita masabata atatu, mpunga utatsala pang'ono kumwetedwa, azakhali anadabwa kuti dzuwa lakwera koma zitini za kwa mlongo wawo sizikulira. Anawapeza atatsamira mzati wa msasa, chingwe chili m'dzanja, akupuma pang'ono. Anawanyamula pa ngolo kupita kuchipatala, koma sanafike. Nkhope yawo ndinaiyang'ana bwinobwino koyamba ali m'bokosi. Anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Zaka zitatu, osadziwa.

Pa maliro azakhali ndiwo anatumiza anthu kukatenga batire. Anaiika pafupi ndi manda, gitala pamwamba pake, mawaya olumikiza. Panalibe woliza. Kwaya inaimba, sipika ikungong'ung'udza yokha.

Chimbale chisanatuluke Natasha anandiimbira foni. Anati wakhala akuganiza za mwini wa nyimbo ija, ndipo pakhomo paja mpanda unali umodzi chabe.

"Ba sisi, ni imwe, ayi? Tilembe dzina lanu. Olo mubwele muimbe mweka, tizachosa mau yanga."

"Iyayi," ndinatero. "Ine sindiimba."

Mwaona? Anandipatsa, ndinakana, ndipo mpaka lero ndikaona dzina lake pachikuto paja nsanje imandigwira. Manesi akamati mtsikana uja ali ndi mawu ngati a mayi weniweni, ndimafuna kukuwa kuti sanagonepo ndi mwana wodwala pachifuwa. Koma chimene ndimamuchitira nsanje kwenikweni si nyimboyo. Ndi masiku khumi aja. Iye akudziwa mmene ankaonekera akamaseka. Akudziwa zimene ankanena akaiwala kuti ndi apongozi a munthu.

Dzulo azakhali anabwera kuti tikonze za mapemphero a chaka. Anapeza foni ya amuna anga ikuliza chimbalecho, ndipo ndisanafike kuti ndidumphe, yachisanu ndi chiwiri inayamba. Mawu ake ndi ochepa. Akuti kuseri kwa mpanda kuli mawu amene nkhope yake sindiidziwa. Akuti ndikaliza amasiya, ndikasiya amasiya. Ndipo kumapeto, magitala onse atakhala chete, mzere umodzi ukubwerezedwa katatu: ndinatumiza mbale, yabwera yotsuka.

Anthu a ku boma amati ndi nyimbo ya imfa, ena amati ndi ya Mulungu. Azakhali anamvetsera kamodzi chabe.

"Mbale yanji imeneyi?"

Ndinalowa m'nyumba n'kuitulutsa. Pogawa katundu wa malemu palibe anaifuna, ndiye inatsala kwa ine. Anaitembenuza, anaona pamene panali kapepala.

"Anatuma ndani?"

"Natasha."

"Wa kandolo pamphuno? Munali chiyani?"

"Nsambo ya gitala."

"Nsambo!" Anaomba m'manja kamodzi. "Chitsiru cha mlongo wanga! Nkhuku zinatha pakhomo pano? Ine ndinali nditafa? Ndinkadutsa pano m'mawa uliwonse ngati wogulitsa tomato, iye osatsegula pakamwa, n'kukatuma mwana wa eni wosadziwa ngakhale kugwada!" Anatukwana nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. Ndinaona kuti nawonso zawapweteka ngati ine, kuti ntchito yawo inapatsidwa kwa mlendo. Kenako anandiyang'ana. "Nanga iwe mwana wanga ukanadziwa bwanji, zinthu zopotoka chonchi?"

Anandipatsa pothawira. Ndikanangogwedeza mutu.

"Ndinadziwa, azakhali."

Taonga anabwera n'kutenga mbale ija kuti aziimba ngati ng'oma, iwo anamulanda.

"Ndiye munapezana," anatero. "Iwe ndi apongozi ako, mtima umodzi, wouma ngati chikumba. Anakusankha bwino." Anandibwezera mbaleyo m'manja. "Mbale ya apongozi sigona yopanda kanthu. Mawa uphike. Kumanda usapite, kulibe munthu kumeneko. Upite kumene ankakhala."

Ndapita lero m'mawa, ndekha, Taonga nditamusiya ndi azakhali. Ndinaphika mpunga wa chaka chatha, umene iwo analondera, ndipo tiyi ndinathira shuga masupuni atatu.

Msasa ukadalipo koma wapendekera kumadzulo, ndipo udzu wa padenga wathothoka mbali imodzi. Chaka chino mundawo analima amuna anga mwa apo ndi apo, ndipo wolondera palibe. Pa thandala pamene apongozi ankakhala, mitengo iwiri yapakati ndi yosalala, yakuda ndi thukuta la zaka zambiri, yolowa pansi pang'ono. Pa mzati pali msomali umene ankakolekapo chipewa. Pansi pali kamulu ka timiyala tosankhidwa, tating'ono mbali ino, tokulirapo mbali iyo, udzu utayamba kumera pakati pake. Ndinagwada pamaso pa mitengo iwiri ija, osati kumbali. Ndinaika mbale. Ndinaomba m'manja. Ndinati zikomo atate, ndi pakamwa panga, ndipo mawu anga anamveka aakulu kwambiri m'dambo lopanda munthu.

Chingwe chikadali chomangika pa mzati, pamene dzanja lawo linachisiya. Ndinachikoka. Zitini zambiri zachita dzimbiri, zina zadzaza madzi a mvula, zina zinagwa. Sizikuyankhananso. Zinangoti khwekhwerere ngati za munda wa wina aliyense. Koma chapakati pa munda, pamene ndinalumikiza tsiku lija, nsambo imodzi inalira payokha, mawu oonda, ataliatali, opitirira zitini zitakhala kale chete. Mpheta zinadzuka pang'ono, zinazungulira kamodzi, n'kuteranso pa mpunga. Zitatu zinabwera mpaka pa thandala, pafupi ndi mbale, ndipo panalibe woziingitsa.